Chingwe, Sopo ndi Mkombero wa Galasi: Magalaja a ku Ndirande Kale

Pamalo pamene panali galaja imene malume anga ankagwirako ntchito ku Ndirande, kufupi ndi mtsinje wa Nasolo, lero pali mzere wa mashopu. Wina akugulitsa matailosi, wina zotchingira mafoni, kuseri kuli anyamata otsuka galimoto. Mtengo wa mango umene ankapachikapo unyolo wokwezera injini unagwetsedwa kalekale. Zimenezi pazokha sizikanandikhazika pansi kuti ndilembe, poti Ndirande sachedwa kusintha nkhope. Chandikhudza ndi nkhani ya mnyamata wina amene akukonza Mercedes-Benz ya agogo ake, ija ya mtundu wa W123 imene inatuluka mu 1976, kuti ibwerere mwakale. Wa injini anamupeza msanga, owongola bodi ndi opopera penti ali mbwee. Atafika pa galasi lakutsogolo ndi kachitsulo konyezimira kamene kamalizungulira, anayendayenda ku Ndirande, ku Ginnery Corner mpaka ku Limbe, ndipo kulikonse amisiri achinyamata ankamuyankha chimodzimodzi: "Tingotokosa ndi sikuludiraiva, bwana, kachoka pompano." Anakana, ndipo anachita bwino. Mapeto ake anakanyamula gogo wina wopuma ntchito ku Bangwe, maso atayamba kale kuchita chidima, kuti adzangokhala pampando n'kumauza anyamatawo pogwira.

Za mkombero wonyezimira umenewu, ndi za ntchito yonse ya galasi, ndinazimva kwa anthu awiri: malume angawo, ndi bambo wina wamkulu amene aliyense pagalajapo ankangowatchula kuti a Folomani. Zina ndinaziona ndekha ndili mwana, poti sukulu ikatsekera malume ankanditenga kuti ndizikawagwirira beseni la madzi a sopo. Akuluakulu awiriwa sankagwirizana pa zonse, ndipo pamene ankasiyana ndinena kuti ankasiyana.

A Folomani anaphunzira ntchito ku Salisbury, kumene lero timati Harare, m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Iwo ankati nthawi imeneyo galasi silinkasowetsa munthu tulo, chifukwa magalasi ambiri anali athyathyathya. Land Rover inali ndi awiri m'felemu yachitsulo imene unkatha kuigoneka pa boneti. Morris Minor nayo inali ndi awiri, chitsulo chitadutsa pakati, mpaka mu 1956 pamene inabwera ndi galasi limodzi lokhota. Galasi lathyathyathya likasweka, mmisiri ankajambula mpatawo pa katoni n'kukadula lina. Lovuta kudula linali lija la magawo awiri lokhala ndi pulasitiki pakati. Ankalemba mzere ndi daimondi mbali zonse ziwiri, kuthyola pang'onopang'ono, kenako kuthira sipiriti mumzeremo n'kuyatsa machesi. Kamoto kabuluu kankathamanga mzere wonse, pulasitiki n'kufewa, iwo n'kumalizitsa ndi lezala. A Folomani akamafotokoza zimenezi manja ankakhala m'mwamba, chala chikutsatira kamotoko mumphepo. Ankanenanso mokwiya za eni malole ena amene, pothawa mtengo, ankaikitsa galasi la zenera la nyumba, limene likasweka limasanduka mipeni pamaso pa dalaivala.

Choyamba chimene mnyamata wophunzira ntchito ankauzidwa chinali kuwerenga timalemba ta pakona pa galasi. Pa galimoto za ku Britain pankalembedwa Triplex, dzina la kampani imene inayamba kupanga magalasi a magawo awiri potsatira nzeru ya Édouard Bénédictus, katswiri wa ku France amene analembetsa luso lakelo mu 1909. Ochokera ku South Africa ankabwera ndi mayina awiri, Shatterprufe ndi Armourplate, ndipo dzinalo ndilo linkauza mmisiri kagwiridwe kake. Loyambalo ndi la magawo awiri. Mwala ukaligunda limangochita mng'alu, zidutswa zimatsala zomatirira ku pulasitiki, koma polichotsa silifuna kupindidwa ngakhale pang'ono. Ukakankha malo amodzi, mng'alu umathamanga kuchoka pamwamba mpaka pansi. Lachiwirilo ndi lowotchedwa n'kuziziritsidwa mwadzidzidzi kuti lilimbe. Pankhope pake n'lolimba zedi, koma m'mphepete mwake silichedwa kukwiya: nsonga ya chitsulo ikangolikhudza molakwika, lonse limaphulika nthawi imodzi n'kusanduka timibulu ngati mchere wa pamsika.

Galimoto zambiri za ku Britain ndi za ku Ulaya zinkabwera ndi galasi lakutsogolo la mtundu wachiwiriwu, ndipo misewu yathu sinkagwirizana nalo. Kunja kwa matauni misewu yambiri inali yamiyala, ndipo ina ya phula inali yopapatiza moti galimoto ziwiri zikakumana, iliyonse inkatsitsira matayala awiri m'mbali. Lole ikadutsa inkamwaza miyala. N'chifukwa chake madalaivala akale akaona fumbi likubwera kutsogolo ankatambasula dzanja n'kudinikiza chala chachikulu pagalasi mpaka mnzawoyo atadutsa. A Folomani ankakhulupirira kuti chalacho chimaletsa galasi kunjenjemera, ndipo chinawapulumutsira magalasi ambiri. Malume ankati n'kungodzilimbitsa mtima, galasi likafuna kusweka limasweka chala chili pomwepo. Anakangana za chala chimenechi mpaka ukalamba, osagonjetsana. Chimene onse ankavomereza n'chakuti likasweka kutsogolo konse kunkayera, dalaivala osaonanso msewu. Ankakulunga nsalu kudzanja, kuboola poonera, n'kuyenda choncho mpaka ku Blantyre. Ndikuwakumbukira anthu otere akufika pagalaja m'mawa, maso ali psuu, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ndi fumbi la ku Neno kapena la ku Phalombe. Ntchito yanga inali kusesa timibuluto m'mipando ndi pansi, koma tina tinkagwera m'mabowo a mpweya a pa dashibodi, ndipo galimotoyo inkangoti wayawaya pokhota paliponse kwa miyezi ingapo.

Kenako kunabwera Peugeot. Ya 404 inatuluka mu 1960, ndipo itapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, mbiri yake inafika kulikonse kumene kunali msewu woipa. Ya 504 inatsatira mu 1968. M'zaka za m'ma 1970 kunachuluka ma Datsun, makamaka 120Y, pambali pa Volkswagen Beetle imene inkapangidwanso ku Uitenhage, ku South Africa, mpaka mu 1979. Pafupifupi zonsezi zinali ndi magalasi okhota, ndipo galasi lokhota sungalidule potsatira katoni. Linkachita kuitanitsidwa kunja, kubwera m'mabokosi a matabwa pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Beira, kapena ku Nacala njanji yakumeneko itatsegulidwa mu 1970. Apa m'pamene ntchito ya galasi inakhala luso lapadera, ndipo pagalaja pathu panali anthu awiri okha ololedwa kuitsogolera.

Ena onse ankadikira nthawi yawo, ndipo inali yaitali. Sipanala boyi, ndiye kuti mnyamata wophunzira ntchito, ankayamba ndi kutsuka zitsulo m'palafini, kusesa, kunyamula jeke ndi kutumidwa kukagula mbatata yowotcha ndi thobwa kwa amayi a pamsewu. Tsiku linkayamba anthu ogwira ntchito ku mafakitale a David Whitehead ndi Carlsberg akutsetserekera ku Makata m'chigulu, ndipo pofika nthawi imene wailesi ya MBC inkawerenga nkhani za m'mawa, mahamala anali atayamba kale kulira. Mnyamata ankatha zaka akumasula matayala ndi mabampala asanaloledwe ngakhale kulandira galasi panja. Malume ankati munthu wa galasi amadziwika ndi mmene amaikira kapu ya tiyi pansi.

Galasi la nthawi imeneyo silinkamatidwa ku galimoto. Linkagwiridwa ndi mphira yakuda yozungulira, imene amisiri ankaitchula kuti labala. Mphirayo inali ndi ngalande zitatu: ina yolowamo galasi, ina yoluma mlomo wa chitsulo cha bodi, ndipo yachitatu, yakunja, inali ya mkombero. Anthu ambiri, ndi eni galimoto omwe, ankayesa kuti mkombero ndi chokongoletsera chabe. Ayi ndithu. Ukalowa m'ngalande yake umatambasula mphira kuti ifinye galasi mbali iyi ndi chitsulo mbali inayo, madzi asapeze polowera. Pa Mini unali wapulasitiki wokhala ndi kasiliva mkati, ndipo unkalowetsedwa pomalizira, galasi lili kale pagalimoto, ndi kachipangizo kokhala ndi diso kumapeto, kamene malume anadzipangira okha ndi sipoko ya njinga yamoto. Umenewo kuchotsa kwake kunali kungoukoka. Mdani wake linali dzuwa, limene linkausandutsa wachikasu n'kuufupikitsa mpaka polumikizira patsale mpata. A Folomani ankasimbanso za ma Chevrolet akuluakulu a ku America a m'ma 1960, amene mkombero wake wachitsulo unkakhala pa timakilipi tobisika pansi pake. Pamenepo pankafunika kachitsulo kopyapyala kokowa, kolowetsa pakati pa galasi ndi mkombero, kufufuza kilipi mosaona, kuikoka pang'ono, mkombero n'kudumpha wokha. Koma pa Mercedes-Benz ndi pa Beetle zambiri, mkombero unali wa aluminiyamu wokhala ndi kamlomo kokowa kunsi kwake, ndipo unkalowetsedwa m'mphira galasi lisanakwere pagalimoto. Likakwera, mphira inkapanikizika n'kuugwira zolimba. Wotere sachotsera pagalimoto. Amachotsa galasi, mphira ndi mkombero zonse pamodzi, n'kukazilekanitsira pansi.

Tsiku lochotsa galasi linkayamba ndi kukankhira galimoto padzuwa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri la Ndirande, a Folomani ankaikana ntchitoyi mpaka dzuwa lituluke, mwini galimoto adandaule bwanji, chifukwa mphira yozizira imauma gwa. Ikafunda ankamasula mawaipa ndi kagalasi koonera kumbuyo, n'kuyala bulangete lakale pa boneti. Ndiye pankabwera funso limene ndinkalimva kawirikawiri: pa zinthu zitatuzi tipulumutsa ziti? Ngati mphira yatsopano inalipo, nkhani inali yaifupi. Ankadula ndi mpeni mlomo wa mphira wa mkati mwa galimoto kuzungulira konse, galasi n'kutuluka mosavuta. Koma nthawi zambiri yatsopano kunalibe, ndipo zonse zitatu zinkayenera kutuluka zamoyo.

Pamenepo malume ankalowa mkati ndi timitengo ta nsungwi tosongoledwa mopyapyala. Chitsulo sichinkaloledwa kuyandikira galasi. Mnyamata wopezeka ndi sikuludiraiva m'thumba la ovolosi ankabwezedwa kukaisiya m'bokosi. Ankayambira pakona yapamwamba, kutukula mlomo wa mphira, kuudutsitsa pa chitsulo, kutsekapo kansungwi kuti usabwerere, kusendera pang'ono, kansungwi kena, choncho mpaka pamwamba ponse ndi m'mbali monse. Akatero ankaitana sipanala boyi wopepuka thupi, kumukhazika pampando wakutsogolo atavula nsapato, mapazi onse awiri atawayala pagalasi kufupi ndi kona. Panja pankaima anthu awiri manja ali chile. "Usamenye, mphwanga, ingotsamira," ankatero malume. "Tsamirabe... tsamirabe... basi, imira pomwepo." Mphira yokalamba inkalira ng'ii, ng'ii, ikulekana ndi penti imene inakhala nayo zaka 10 kapena 15, fumbi lofiira likuyoyoka m'ngalande. Pagalaja ponse pankati zii. Wowongola bodi naye ankaika hamala pansi popanda womuuza, poti aliyense ankadziwa mtengo wa chinthu chimene chinali m'manja mwa anthu atatuwo, ndiponso kuti chikasweka, malipiro a mwezi umenewo asweka nacho.

Likatuluka ankaligoneka pa matayala awiri akale oyalidwa ziguduli. Apa m'pamene panali luso lenileni, ndipo ndi limene ndikuona kuti latayika. Mmisiri sankakoka mkombero kuti uchoke m'mphira. Ankayamba wavula mphira kugalasi mkombero uli momwemo, kenako n'kumapinda mphirayo cham'mbuyo kuti ngalande itseguke yokha, mkombero uzimasuka pang'onopang'ono osasintha kakhotedwe kake. Chopindidwa chinali mphira, osati chitsulo. Mphira imapindika n'kubwerera, pamene aluminiyamu akapindika amatamuka, ndipo akatamuka sabwereranso. Umuwongole bwanji, pamalopo pamatsala kabampu kokana kugona m'ngalande, ndipo dzinja likafika madzi amalowera pomwepo. Tizitsulo tophimba polumikizira tinkasungidwa m'kachitini ka polishi wa nsapato, chifukwa kakatayika kamodzi m'fumbi la pagalaja sikankaonekanso. Zidutswa za mkombero ankazimangirira pathabwa ndi malegeni, kulembapo ndi choko kumanja ndi kumanzere, n'kuzipachika kudenga, kutali ndi mapazi a anthu. Mkombero wina unakhala kudengako mpaka akangaude anamangapo, mwini wake akusakasaka ndalama ya penti.

Mikombero ina inkabwera itapindika kale, mwina ndi ngozi, mwina ndi manja a munthu wachangu. A Folomani anali ndi kahamala kamene mutu wake sunkaposa chala, ndi timitengo ta mlombwa tosemedwa molingana ndi msana wa mkombero. Ankakhala pansi pa mango masana, anzawo akudya, n'kumagogoda kuchokera kumbuyo, kho, kho, kho, kenako kukweza mkomberowo kudzuwa, kutsinzina diso limodzi, n'kuyambanso. Ankasiyanitsa mitundu iwiri. Wa chitsulo chosachita dzimbiri unkalola kugogodwa, kupalidwa ndi tupa, kukwechedwa ndi sandipepa wosalala wa m'madzi, n'kupukutidwa mpaka udzionere nkhope. Wa aluminiyamu uli ndi khungu lolimba loonekera limene amauveka kufakitale pogwiritsa ntchito magetsi, ndipo ukaukwecha khungulo limachoka malo ena n'kutsala malo ena, mkombero n'kuchita mawangamawanga. Umenewo ankangoutsuka ndi sopo n'kuupukuta ndi nsalu yofewa. Anyamata atsopano ankathamangira sandipepa ndi Brasso, a Folomani n'kuwalanda m'manja osalankhula kanthu.

Kuchotsa galasi kunkaululanso zimene mwini galimoto sankafuna kumva. Pansi pa mphira, makamaka m'makona awiri akumunsi m'mene madzi a mvula ndi fumbi zimakhazikika, munkapezeka dzimbiri, nthawi zina mabowo olowa chala. Malume ankaitana mwini wake kuti adzaone ndi maso ake asanatchule mtengo. Ankadula kachigamba ku chitseko cha galimoto yakufa, kukapinda pa chidutswa cha njanji, kuwotcherera ndi gasi, kupala mpaka mlomo usalale, n'kupaka utoto wofiira woletsa dzimbiri. Mlomo umenewo ukatsala ndi kanthu kotuluka umang'amba mphira, mwinanso kuswa galasi lomwe. N'chifukwa chake ankanyansidwa ndi opopera penti amene ankangophimba galasi ndi nyuzipepala n'kupopera mphira ili pomwepo. Galimoto yotero imawala miyezi ingapo, kenako m'mphepete mwa mphira mumayamba kutukusira. Tikamayenda mu Victoria Avenue kapena mu Haile Selassie Road Loweruka, malume ankaima pa galimoto yoimikidwa, kusuzumira m'mphepete mwa mphira, n'kundinong'oneza kuti iyi inapentedwa mwaulemu, iyo mwachinyengo. Pa nkhani iyi ndili kumbali yawo mpaka lero. Amene akuti akubwezeretsa galimoto yakale koma galasi sanalichotse, wangoiphoda. Matenda ali mkati.

Kubwezera galasi ndiko kunali kosangalatsa kuonerera, ndipo ana a m'makomo oyandikana ankabwera kudzaima pampanda. Mphira inkavekedwa kugalasi, mkombero n'kulowetsedwa m'ngalande yake zonse zili pansi. Kenako ankatenga chingwe cholimba cha nayiloni, cha mamilimita 4 kapena 5, n'kuchilowetsa m'ngalande yoluma bodi kuzungulira konse, nsonga ziwiri zitapitirirana pakati chakumunsi. Apa m'pamene beseni langa linkafunika. Sopo wa Sunlight wosungunulidwa m'madzi ankapakidwa pamphira ndi pamlomo wa bodi mosaumira. Girizi ndi oyilo zinali zoletsedwa chifukwa zimafufumitsa mphira, ndipo mafuta a mabuleki, amene ena ankawakonda poti amatereretsa, amadya penti. Anthu awiri ankanyamula galasi n'kulikhazika pampata, nsonga za chingwe zitaponyedwa mkati. Malume ankalowa, kukulunga nsonga imodzi kudzanja, n'kuyamba kukokera chapakati pa galasi. Chingwe chikamatuluka chinkakokera mlomo wa mphira mkati, kuudutsitsa pa chitsulo, uku wapanja akutsatira ndi dzanja, phaa, phaa, pomwe pali chingwepo. "Ndi chikhatho, mphwanga, osati chibakera!" Pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, kuti galasi lisathawire mbali imodzi. M'makona ndimo munkatuluka thukuta. Ankapukusa chingwe mozunguliza pang'onopang'ono, chifukwa ukakoka mwamphamvu chimacheka mlomo wa mphira, ndiye kuti zonse ziyambirenso, mwinanso ndi mphira yoti kulibe. Pomaliza, pamwamba pakati, chingwe chinkatuluka chonse, galasi n'kukhazikika ndi kaphokoso kakuti fwapu. Akatero ankandituma kumpopi ndi ndowa kuti ndidzathire madzi padenga, iwo ali mkati akuyendetsa chala m'makona.

Zaka za m'ma 1980 ndizo zinanola luso limeneli, ngakhale palibe amene angazilakelake. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala, moti pofika mu 1984 katundu wambiri wa dziko lino ankazungulira pamsewu kuchokera ku Durban, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Galasi lokhota linasanduka chuma. Galimoto yangozi ikakokeredwa pagalaja, maso a amisiri ankathamangira kaye kuona ngati galasi lapulumuka, injini pambuyo. Mphira zakale zinkanyikidwa m'madzi ofunda a sopo usiku wonse, kupakidwa gilisalini, n'kubwezeredwa kachitatu, kachinayi. Pong'ambika ankamatapo kachigamba ka chubu ndi solushoni. Ena ankatseka modontha ndi phula kapena zomatira magalasi a mazenera a nyumba, zimene malume ankadana nazo, chifukwa zikauma zimagwira galasi moti wodzalichotsa mawa amaliswa. Iwo ankati m'zaka zimenezo anaphunzira zambiri kuposa zonse zimene anayesedwa pa trade test kuyambira Grade 3 mpaka Grade 1. A Folomani ankatsutsa, ankati umenewo si umisiri koma umphawi, mmisiri weniweni amafunika mphira yatsopano. Ine ndimatsamira kwa malume. Kusowa kunawaphunzitsa kuti chilichonse chimene akumanga lero wina adzachimasula, ndipo ankamanga akuganizira munthu ameneyo ngakhale samamudziwa.

Kusintha kunabwera pambuyo pa 1994, malonda atamasulidwa. Galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito za ku Japan zinayamba kulowa, zina kudzera ku Durban, zochuluka pambuyo pake kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe: Corolla, kenako Vitz, Sienta, Probox, Mira. Galimoto zimenezi galasi lake ndi lomatidwa ku bodi ndi guluu wakuda wa polyurethane. Mzere wakuda wa m'mphepete mwa galasi, uja wothera ndi timadontho, ntchito yake yaikulu ndi kuteteza guluuyo ku dzuwa. Polichotsa amaboola guluu, kulowetsa waya wopyapyala, wina mkati wina panja, n'kumacheka uku ndi uku. Ku Ndirande ndi ku Biwi ku Lilongwe ndaonapo akuchekera waya wa mabuleki a njinga. Kapulasitiki ka m'mphepete kakang'ambika amakataya n'kugula kena. Mnyamata amene anayamba ntchito mu 2005 sanalakwe kanthu posaudziwa mkombero wa aluminiyamu. Sanauonepo, ndipo palibe galimoto imene inamufunsa.

Galasi lakale lija lophulika sindikulilira. Lamakonoli n'la magawo awiri, silichititsa dalaivala khungu pakati pa msewu, ndipo poti ndi lomatidwa limathandiza kuchirikiza denga galimoto ikagubuduzika. Pa galimoto zambiri ndi limenenso chikwama cha mpweya cha wokwera kutsogolo chimatsamirapo chikafufuma. Lapulumutsa anthu amene mphira ndi chingwe sizikanawapulumutsa. Nkhawa yanga pa magalasi atsopanowa ndi ina: ndimaona m'mbali mwa misewu anthu akumata galasi ndi silikoni wa m'bafa wogula ku hadiweya, pamwamba pa dzimbiri, galimoto n'kunyamuka zisanaume n'komwe, ana ali mkati. A Folomani guluu sankamudziwa, koma zimenezi sakanazilola, poti lamulo lawo linali loti mlomo wa bodi uyambe wayera, ndipo galasi siliyendera changu cha mwini galimoto.

Chingwe chokha sichinafe. Mabasi ena, malole, mathirakitala ndi ma Land Rover akale akadali ndi mphira, ndipo alipo anyamata okoka chingwe bwino ndithu. Koma mphira zimenezo zilibe mkombero wa aluminiyamu, choncho mbali ija ya kupinda mphira cham'mbuyo, ya kahamala ndi thabwa la kudenga, yatsala m'mitu ya okalamba owerengeka.

Amene akukonza galimoto zakale lero mphira amaipeza mosavuta kusiyana ndi m'ma 1980. Amaitanitsa pa intaneti ku South Africa, ku Germany kapena ku Britain, kumene makampani akupangabe mphira za Beetle, Mini ndi W123. Chofunika kusamala n'chakuti za Beetle zina zimabwera zopanda ngalande yachitatu, zopangidwira anthu osafuna mkombero, ndipo zina zotchipa zimakhala zouma moti siziugwira bwino. Mkombero weniweniwo ndiwo wovuta. Ukapezeka kunja umakhala wodula, ndipo pokhala wautali ndi wofewa umatha kupindikira m'njira. Kale unkangolowa kuseri kwa galaja iliyonse, kumene magalimoto akufa ankagona m'udzu zaka zambiri nkhuku zikuikira m'mipando, n'kukasankha umene ukufuna. Zigoba zimenezo zinatha malonda a zitsulo zakutha atakula m'zaka za m'ma 2000. Anazidula ndi gasi, kuziyeza pasikelo, n'kuzikweza m'malole. Aluminiyamu ankamupatula payekha chifukwa mtengo wake pa kilogalamu ndi wokwera kuposa wa chitsulo wamba, ndipo mikombero yowongoka bwinobwino inkathyoledwa pabondo kuti ilowe m'thumba, kupita kwa ogula zitsulo ndi kwa amisiri osungunula mapoto.